Diso la Thiraki

"Ndakufunsani funso limodzi lokha, bambo a Chiwala. Thirakiyo inali yoyera kapena yabuluu?"

Amuna anga anaika kapu ya tiyi patebulo mwamphamvu moti supuni inadumpha.

"Kodi nyumba ino yasanduka polisi? Munthu ndisamwe tiyi mwamtendere?"

"Apolisi munawauza kuti yoyera. Dzulo aneba munawauza kuti yabuluu. Ndimachapa kuseriku, ndinamva ndi makutu angawa."

"Iwe, galimoto ikugubuduzika, mutu pansi miyendo m'mwamba, ungaone mtundu? Yoyera, yabuluu, yamawangamawanga, zikusintha chiyani? Mwendo wa mwana ulumikizika ndi penti?"

Apongozi anga anatuluka kuchipinda kwa mwana chala chili pamlomo.

"Tsitsani mawu, mwana wangogona kumene. Mayi a Chiwala, mwamuna wanuyu wabwerera pakhomo pa manda. M'malo mothokoza Mulungu, mukumuzenga mlandu m'mawa uliwonse. Thirakiyo inathawa, inapita. Kapena mukufuna muilondole wapansi?"

"Ndikungofuna kudziwa, amayi."

"Kudziwadziwa kwanuko n'kumene kukukuwondetsani. Taonani khosi."

Ndinatola makapu n'kupita nawo kukhitchini.

Chiwala ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, wa zaka zisanu. Dzinalo linabwera lokha, chifukwa chiyambire kuima sanayendepo ngati anthu ena: kuchoka pabedi n'kudumpha, kupita kubafa n'kudumpha. Tsopano anali chigonere, mwendo wakumanzere uli m'chikhakha kuyambira m'ntchafu mpaka kuzala. Adokotala anati fupa lilumikizika, koma za bondo anangoti tidzaona akadzachotsa chikhakha. Mawu akuti "tidzaona" ndinkagona nawo n'kudzuka nawo.

Nkhani imene ndinauzidwa inali iyi. Masana a tsiku la ngoziyo bambo ake ankachokera naye kusukulu ya mkaka, pamsewu waukulu. Pamtsetse uja wotsikira kumlatho, thiraki yosadziwika inawapanikiza, inawakankhira m'ngalande, n'kuthawa. Mwamwayi alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene amayendetsa thiraki yachikasu yonyamula miyala pamsewu womwewo, anatulukira pambuyo pake. Ndiwo anamunyamula mwana m'manja, n'kuimitsa galimoto ina kuthamangira naye kuchipatala. Nditafika ine ndinawapeza pabenchi, malaya ali magazi okhaokha, akulira ngati mwana. Ndinawagwadira. Ndinagwira mapazi awo n'kuwathokoza pamaso pa anamwino.

Pabanja pathu ine amanditcha a Tirafiki. Alamu ndiwo anayambitsa. Kagalimoto kathu n'kakang'ono, iwo amakatcha Kamachesi. Kakaima pafupi ndi thiraki yawo, tayala limatsala pang'ono kufika padenga. Tsiku limene kanabwera pakhomo, anthu akuomba m'manja, ine ndinagogoda chitseko chake ndi chala n'kumva kulira ngati chitini cha mkaka. Ndiye ndinaika malamulo: mwana kumbuyo, pakhushoni, lamba m'chiuno, thiraki ikakhala kutsogolo, isiyeni izipita. Bambo a Chiwala analumbira atagwira mutu wa mwana. M'mawa uliwonse ndinkamumanga ndekha lambayo, n'kuima pageti mpaka atakhota. Ankandiseka onse, ine osalabada.

Loweruka alamu anabwera ndi chidole ndi nthochi.

"Odi kuno! A Tirafiki, laisensi ndili nayo, matayala ndapopa, musandigwire!"

"Lowani, alamu."

Analunjika kuchipinda kwa mwana, ife pambuyo. Ndi munthu wamkulu thupi, akaima pakhomo kuwala sikulowa.

"Chiwala changa! Ha, mwendo wa simenti weniweni uwu. Ukachira undibwereke ndikamangire khonde."

Mwana anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anawaloza ndi chidole chija.

"Atate aakulu, tsiku lija munabera. Simunatipatse mpata."

Bambo ake anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Apongozi anali atapisa kale m'thumba.

"Yasama, nayi switi. Wodwala asamalankhule kwambiri."

"Akunena makadi," anatero alamu, kuseka kukubwera mochedwa. "Ndinamudya pa makadi, mpaka lero sanandikhululukire."

Chiwala sadziwa makadi. Sadziwa ngakhale kagwiridwe kake.

Ndinayamba kukumbukira. Apongozi anabwera tsiku limene mwana anatuluka m'chipatala, eti kudzandithandiza. Anayala matiresi awo m'chipinda cha mwana. Kumusambitsa, iwo. Kumudyetsa, iwo. Ine ankangondituma: kumsika, kochapa, kokatenga mankhwala. Mwana akangoti "tsiku lija", switi inkatulukira. "Za ngozi musamamufunse, alota zoipa," ankatero, ndipo ine ndinkavomereza, chifukwa zinkamveka zanzeru. Ndinkawauza anzanga kuti ndili ndi apongozi ngati mayi wondibereka.

Mkati mwa sabata yotsatira ndinanyamula basiketi ngati ndikupita kumsika, koma ndinakhotera kugalaja. Chifukwa ndinali nacho: nsapato imodzi yofiira ya Chiwala inatsalira m'galimoto, ndipo bambo ake tsiku lililonse ankati aiwala.

Kamachesi kanali kuseri, atakakhazika pamiyala pakati pa zitsulo za dzimbiri. Denga anali ataliwongola kale ndi hamala. Amakaniko anatuluka pansi pa minibasi akupukuta manja.

"Ndinu mayi ake a kamtsikana kaja? Pepani kwambiri. Akupeza bwanji?"

"Akuyesera. Ndabwera kudzafuna nsapato yake."

"Funani, mayi. Musamale magalasi."

Ndinayamba kumbuyo, kumene mwana wanga amakhala. Khushoni inali pamalo pake, lamba atamangidwa bwinobwino pamwamba pake kuti isagwe. Panalibe ngakhale dontho la magazi. Ndinapisa pansi, ndinangopeza chivindikiro cha botolo. Nsapato ndinakaipeza kutsogolo, itapanikizika pansi pa mpando wa pambali pa dalaivala. Siponji ya mpandowo inali yakuda, youma gwa.

Ndinakhala kaye patayala lakutha.

"Nanga chitseko cha mbali ino chili kuti?"

"Achimwene awo anadzachimasula tsiku lomwelo, galimoto itangofika kumene. Eti akachiwongoletsa kwa mnzawo. Ine ndinawauza kuti bwana, ichi ngakhale wogula zitsulo akana, chafinyika ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe. Anachinyamulabe. Tapeza china chobiriwira, tikhomamo mawa. Kamachesi kakhala ka mitundu iwiri, ngati timu ya mpira."

Anaseka, nabwerera pansi pa minibasi. Ine ndinayang'ana pamene panali chitsekopo. Galimoto yathu ndi yotuwa. Koma pamphepete, pafupi ndi mahinjesi, panali kamzere kopyapyala kamene womasulayo sanakaone. Ndinakanda ndi chikhadabo. M'chikhadabomo munatsala chikasu.

Pobwerera ndinayenda m'mbali mwa msewu waukulu. Mathiraki ankadutsa, mphepo yake n'kumandikankhira kuudzu. Ndinkadziuza kuti mathiraki achikasu ndi ambiri, kophwanya miyala kokhako aliko angapo. Ndinkadziuza kuti mwina ngoziyo ndi imene inaponyera nsapato kutsogolo. Ndinkapemphera kuti wopenga ndikhale ine, a Tirafiki oona mizukwa masana.

Madzulo ake, mwana akudya ndi agogo ake, ndinawapeza bambo a Chiwala pakhonde akupukuta nsapato zawo za kuntchito.

"Apolisi andiimbira," anatero. "Thirakiyo sinapezeke. Akuti pakapanda kupezeka mboni, nkhaniyo aitseka."

"Ndiye mwamasuka."

"Tamasuka tonse. Tiyambirenso moyo."

"Bambo a Chiwala, tsiku lija mwana anakhala pati?"

"Pamalo pake. Kumbuyo."

"Lamba?"

"Ndinamumanga ndekha. Ndipotu ukanapanda kutiumiriza za lamba uja, bwenzi tikunena zina. Mwanayu unamupulumutsa ndiwe."

Anandiyang'ana m'maso ponena zimenezi, osaphethira n'komwe, mpaka anandisisita patsaya ndi dzanja lonunkha polishi. Nsapato yofiira inali m'basiketi, pansi pa tomato, pafupi ndi phazi lawo. Ndinkadziyesa wodziwa nkhope ya mwamuna wanga akamanama. Madzulo amenewo ndinazindikira kuti ndi yomweyo imene amandiyang'ana nayo masiku onse.

Mpata unapezeka Lachisanu masana. Apongozi anaitanidwa kumapemphero a amayi, ndipo anapita monyinyirika, atandilangiza kuti mwana agone, ndisamutopetse ndi nkhani. Atangotseka geti ndinalowa ndi nsapato ija.

"Nsapato yanga!" Anaikumbatira. Kenaka anaiyang'ana, nayang'ana chikhakha. "Amayi, mundipatse machesi."

"Machesi si choseweretsa."

"Kabokosi kokha. Ndikuonetseni chinachake."

Ndinakhuthulira machesi m'mbale n'kumupatsa kabokosi. Anaika nsapato pachikhakha, cha pantchafu, kabokosi kumbuyo kwake.

"Uwu ndi msewu. Iyi ndi thiraki ya atate aakulu. Aka ndi Kamachesi. Tsopano muone." Anatsinzina diso limodzi, natsegula, natsinzinanso. "Thiraki ikaphethira diso la uku, ndiye kuti dutsani, kutsogolo kulibe kanthu. Ndiye adadi amatuluka, vuuu! Tikafika apa, pamimba pa thiraki, atate aakulu nawo amaponda moto, vuuuu, kuti tisadutse. Ndiye amaliza hutala, adadi nawo amaliza. Ine ndimagwada pampando, ndimawabayibitsa, ndimati lero tikupitirirani!"

"Pampando uti, mwanangu?"

"Wakutsogolo. Tikangokhota paja simutionanso paja, adadi amaima, ine ndimadumphira kutsogolo. Kumbuyo sikuoneka bwino."

"Masewera amenewa munayamba liti?"

"Kalekale. Tikangokumana basi. Masiku ena timapambana ife, masiku ena iwo." Anatenga chipeso patebulo, nachiika cha kuphazi, chitayang'ana kumtunda. "Tsiku lija kunabwera basi. Adadi anakuwa. Ndiye thiraki inatipsompsona."

Anagunditsa kabokosi pansapato, nakagwetsera pansi pa bedi. Ndinawerama kukatola kuti asaone nkhope yanga. Ndinakhalitsa pansipo.

"Amayi?"

"Ee."

"Adadi anati ndisakuuzeni, eti a Tirafiki atimanga. Agogo anati ndikanena, atate aakulu apita kundende, ndipo ndikhala kuti ndawapititsa ndine." Anandigwira dzanja. "Ndawapititsa?"

Ndinakwera pabedi n'kumufungatira, mosamala mwendo.

"Ayi. Iwe sunapititse munthu kulikonse. Iwe unangokhala pamene anakukhazika akuluakulu."

Mwendo ndinali nditaulirira kale mokwanira. Chimene chinandiwotcha m'chifuwa n'chakuti anthu atatu akuluakulu anatenga katundu wawo yense n'kumusenzetsa mwana wa zaka zisanu, n'kumutseka pakamwa ndi switi. Ndipo ine ndinagwada. Ndinagwira mapazi.

Sindinanene kanthu Lachisanulo, ngakhale Loweruka. Ndinkafuna onse atatu pamodzi, kuti wina asathamangire kwa mnzake kukakonza mawu.

Lamulungu masana Kamachesi kanalowa pageti ndi chitseko chobiriwira, alamu atadzipinda pampando wakutsogolo mawondo ali pachibwano. Apongozi anavina pakhonde. Ndinaphika, ndinawathirira madzi m'manja, anadya. Mwana ndinamutsekera kuchipinda ndi wailesi.

"Mawa Chiwala akwera ya mitundu iwiri kupita kochotsa chikhakha," anatero alamu akutokosa m'mano. "A Tirafiki, mukaiyendere kaye, mutipatse chilolezo."

Ndinachotsa mbale. Pamalo pake ndinaika nsapato yofiira, kumbuyo kwake kabokosi ka machesi. Kenaka ndinawayang'ana alamu m'maso n'kuphethira diso lakumanzere, n'kuphethiranso.

Kamtengo kotokosera m'mano kanagwa kuchoka pakamwa pawo.

"Mwana uja walankhula," anatero apongozi. Sanafunse n'komwe kuti zikutanthauzanji. "Mtima unkandiuza kuti ndisapite kumapemphero."

"Ndiye mumadziwa, amayi."

"Khalani pansi, mayi a Chiwala."

"Ndakhala mokwanira. Bambo a Chiwala, ndikufunseninso. Yoyera kapena yabuluu?"

Anayang'ana pansi. "Anali masewera chabe. Mwana ankasangalala. Iwe sunamuone mmene ankasekera."

"Munalumbira mutagwira mutu wake."

"Ndinalumbira kuti usiye kulira! Zikanakhala za iwe, mwanayu bwenzi akupita kusukulu atavala matiresi. Munthu sangamaope chilichonse ngati iwe."

"Ndiye amene wagona ndi simenti m'chipindamo ndine woopa ine?"

"Mlamu," anatero alamu, mawu atatsika, "ndikulumbira, pamene ndinkaphethira kutsogolo kunalibe kanthu. Indiketa yakumanzere ine sindiyatsira munthu pabodza. Basi ija inangotulukira pakhona ikuuluka. Ndinaponda mabuleki mpaka mwendo kuuma, koma miyala yodzaza chonchija pamtsetse siimva mabuleki."

"Kunalibe kanthu pamene munkaphethira. Nanga pamene munkaponda moto, iwo ali pambali panu? Mukanawasiya adutse, basiyo ikanawapeza abwerera kale mbali yawo."

Ndinakankhira kabokosi pambali pa nsapato.

"Munkamuona, alamu. Kamutu kake munkakaona, kakukubayibitsani."

"Mukuganiza kuti ndimapeza tulo? Mwana uja ndi wanganso."

"Tulo mupeze musapeze, m'mawa mumadzuka n'kukwera thiraki yomweyo."

"Nanga ndisiye ntchito? Komanso musandione ngati chilombo ndine ndekha. Pamsewupa ambiri timatero. Tsiku lonse uli wekha m'mwambamo, maso akulemera, kagalimoto kakubwera kumbuyo kakudzimva, umakasereula pang'ono kuti kadziwe msinkhu wake. Zaka zonsezi palibe amene anavulalapo."

"Kapena palibe amene munaimira kuti mumuone."

Apongozi anamenya tebulo.

"Basi! Tsopano mukufuna chiyani? Ana anga ndi awiri okhawa. Mukapita kupolisi, wamkulu ntchito yatha, mwinanso ndende. Wamng'ono ananamiza boma, nayenso amutenga. Ana a wamkuluyu awalera ndani? Inuyo mutsala ndi ndani? Ndipo bondo la Chiwala lipindika chifukwa atate ake aakulu ali m'chitokosi? Izi zachitika m'banja, zithere momwemuno. Mulungu watisungira mwana, ife tisunge pakamwa."

"Mukanasunga pakamwa panu, amayi. Koma munakatseka pa mwana. Munamuuza kuti akalankhula ndiye kuti wamangitsa munthu. Mukudziwa chimene anandifunsa?"

"Ndinkateteza banja."

"Iye si wa m'banja? Ine si wa m'banja? Munandisiya ndigwade pachipatala paja, anamwino akuonerera, ndikuthokoza munthu amene..."

Alamu anaphimba nkhope ndi zikhatho zawo zazikulu. Kuchipinda wailesi inkaimba, Chiwala akutsatira nyimbo molakwitsa mawu.

Bambo ake anadzuka, nandigwira dzanja.

"Mayi a Chiwala, ndinalakwa. Ndavomera. Sizidzachitikanso. Achimwene, nenani nanu."

"Sizidzachitikanso, mlamu. Diso limenelo ndalitseka. Ndikadzasereulanso munthu pamsewu, Mulungu adzandilange."

"Wamva? Mawa umumange wekha lamba, ukhale naye kumbuyo. Ndiyenda ngati ndanyamula mazira. Koma za kupolisi, ndakupempha, uganize bwino. Ukakalowa pakhomo paja, pakhomo pano sudzalowanso ngati mkazi wanga. Sindikukuthamangitsa ayi. Ndikungokuuza mmene zidzakhalire."

Ndinachotsa dzanja langa.

"Chiwala sakweranso galimoto imeneyo. Zinazo ndiganiza."

Ndipo ndinaganizadi. Ndinayang'ana makatani amene ndinasoka ndekha, ndi shelefu imene bambo ake anakhoma mopendekera n'kumakana mpaka lero kuti ndi yopendekera. Ndinaganiza za ana a alamu, amene amanditcha amayi aang'ono. Womalizayo ndinamulera ine mayi ake atadwala. Ndinaganiza za Chiwala akundifunsa kuti adadi ali kuti. Pofika m'mawa ndinali nditagonja. Ndinati ndingopita kuchipatala pabasi n'kubwerera. Alumbira, ndinadziuza. Alira. Mwina tsopano mantha anga awalowa nawonso.

Kutacha ndinamusambitsa ndekha, ndinamubereka kumsana, mwendo wachikhakha utatulukira pambali ngati mtengo. Apongozi anaima pakhonde, switi ili m'manja, koma sanayandikire. Ndinayenda mpaka pasiteji ya pamwamba pa mtsetse, pamene mabasi aakulu amaima. Bambo ake anatitsatira ndi Kamachesi pang'onopang'ono, matayala awiri ali m'fumbi, naima pambali pathu. Anatuluka, natsegula chitseko chakumbuyo.

"Mwanayo ndi wolemera. Anthu akutiona. Lowani, chonde."

"Tidikira basi."

"Basi yomwe inatsala pang'ono kutipha?"

"Basiyo inali mbali yake."

Tili chiimire, ndinamva kulira kwa injini kumene ndimakudziwa ngakhale nditatsinzina. Thiraki yachikasu inatulukira itadzaza miyala mpaka pamwamba. Alamu sanatione. Maso awo anali pagalasi la pambali, ndipo ankamwetulira. Mphepo yake inagwedeza Kamachesi, chitseko chotsegula chija n'kudzitseka chokha.

Kumbuyo kwake kunali kagalimoto kofiira, kakang'ono ngati kathu, mphuno itatsala pang'ono kulowa pansi pa thiraki. Pampando wakumbuyo panali timitu tiwiri, mayunifolomu a sukulu. Sindinkawadziwa. Anayamba kutsika mtsetse. Ndipo diso lakumanzere linayaka, linazima, linayakanso.

"Amayi, yaphethira!" anakuwa Chiwala kumsana kwanga.

Kofiira kanatuluka. Kanafika pamimba pa thiraki. Kenaka utsi wakuda unafuka m'paipi, injini inabangula, hutala inalira mwachimwemwe. Anatsika limodzi, kofiira kali mbali ya magalimoto obwera, kulunjika pakhona ya kumlatho. Pafupi penipeni ndi khona kofiira kanachita mantha, kanabwerera kumbuyo kwa thiraki, ndipo onse anazimiririka.

Ndinatembenukira kwa bambo a Chiwala. Nawonso anali ataona.

"Yachikasu," ndinatero.

Basi inafika. Kondakitala anandithandiza kukwera, anthu anasendera kuti mwendo upeze malo. Pawindo ndinaona bambo ake ataima pafupi ndi chitseko chobiriwira, makiyi ali m'manja, akucheperachepera.

"Amayi, atate aakulu apambananso?"

"Ayi, mwanangu. Masewera aja atha lero."

"Mutsikira pati, mayi?" anafunsa kondakitala. "Pachipatala?"

Ndinayang'ana chikhadabo changa. Chikasu chija chinali chitapita kale ndi zochapa, koma ine ndinkachionabe.

"Kuchipatala tiyenda wapansi, ndi pafupi," ndinatero. "Mutitsitse papolisi."